Chitenje Chimene Ndinafunditsa Mwana wa Eni

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka kumayambiriro kwa Julayi chaka chatha, kuzizira kusanathe. Lachiwiri ndinalipereka mu Okutobala, dzuwa likuwamba. Lachitatu linapita mvula yoyamba itangogwa, ndipo pepala lake lili ndi madontho chifukwa denga la minibasi linkadontha. Onse atatu ndinawalemba pawiri: limodzi la komiti ya sukulu ya mkaka ku Silverest kumene ndinkaphunzira ntchito, lina losunga ine. Yankho silinabwere, ngakhale la mzere umodzi. Ndiye ndaganiza zolemba nkhani yonse kuyambira kumene inayambira, kuti amene adzaiwerenge asadzanene kuti mkulu uja ankangolongolola.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'boma ku Lusaka mpaka kupuma. Ntchito yanga inali kusunga mafayelo a anthu ena, ndipo palibe limene linasowa lili m'manja mwanga. Kwathu ndi kum'mawa, koma ndinakwatira mkazi wa ku Nkomeshya, ndipo nditapuma tinabwera kudzakhala pamalo a makolo ake. Ana athu anakula nabalalika, wina ku migodi, wina kunja kwa dziko.

Mkazi wanga sanapite kusukulu ya uphunzitsi. Anayamba ndi kusunga ana awiri a mnansi wathu amene ankapita kukagulitsa tomato kumsika wa Chongwe. Kenaka amayi ena anayamba kusiya awo popita kumunda. Ndinamumangira chisakasa cha malata kuseri kwa nyumba, ndi kupala timabenchi totsika. Ana ankafika m'mawa ndi mbatata yophika yokulunga m'pepala. Iye ankawaphunzitsa kuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo, kusamba m'manja, ndi kupempha chinthu osalanda. Ine ndinkangowamva ndili pakhonde ndi wailesi yanga. Phokoso lawo linkandisowetsa mtendere, sindibisa.

Mkazi wanga anamwalira m'dzinja, atadwala kanthawi kochepa. Maliro atatha ndi anthu atabalalika, m'mawa wina ndinapeza ana ataima pampanda wa udzu, aliyense ndi mbatata yake. Sanalowe. Anangoima akuyang'ana chisakasa. Iwo ankayesa kuti imfa imatha ngati tchuthi. Tsiku lotsatira anabweranso, ndi linzake lomwe. Wamkulu mwa iwo anandifunsa kuti agogo aakazi abwerako liti, ine n'kulowa m'nyumba.

Ndinaganiza zotsegulanso chisakasacho ndekha. Ndinapita ku boma kukafunsa, ndipo anandiuza mwaulemu kuti munthu wofuna kusunga ana a eni m'njira yodziwika ayenera kukhala ndi pepala losonyeza kuti anaphunzira ntchitoyo. Malemu ankachita popanda pepala chifukwa mudzi wonse unkamudziwa. Ine sindichita chinthu chopanda pepala. Ndinafufuza mpaka kupeza sukulu ya mkaka ya mpingo wina ku Silverest imene imalandira ophunzira ntchito. Wophunzirayo amagwira ntchito pakati pa ana chaka chimodzi, akuonerera kwa mphunzitsi wodziwa, ndipo luso lililonse akalidziwa amamusainira. Pangano tinasainirana. Lili pano.

Tinalipo ophunzira atatu: atsikana awiri amene anali atangomaliza giredi 12, ndi ine wa imvi. Woyang'anira sukulu anali mayi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula motsitsa, wosachedwa kuona cholakwika. Ankanditcha atate, ine ndinkamutcha amayi. Tsiku loyamba anandipeza ndikufunsa kamnyamata dzina lake ndili chiimire, manja kumbuyo ngati wapolisi.

"Atate," anatero, "mwana sitikamba naye tili kumwamba. Tsikani mufike pamaso pake."

Ndinanjuta, mawondo n'kulira. Mmodzi wa atsikana aja, amene ankanditcha ba shikulu, ndiye kuti agogo, anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Ba shikulu, mawondo yanu yafuna girisi! Mailo nibweretse ya njinga?"

"Bweretsa mawalo, mwana wanga," ndinatero, "koma udzoleko kukamwa kwakoko, nakonso kukulira."

Kuyambira pamenepo tinagwirizana. Atsikanawo anandiphunzitsa kumanga tsitsi la mwana wamkazi likamasuka, ine ndinawaphunzitsa kulemba mzere woongoka pa bolodi.

Anthu amayesa kuti kulera tiana n'kusewera. Ndinaphunzira kuyesa kutentha kwa phala podontheza pamkono. Ndinaphunzira kuti mwana akayamba kufotokoza, umadikira amalize yekha ngakhale akuzungulira, osamumalizira mawu. Ndinaphunzira kuti wolira mofuula sadetsa nkhawa kwambiri. Woyang'anitsitsa ndi amene wangokhala chete pakona. Ntchito yoperekeza ana kuchimbudzi sanandipatse chifukwa ndine mwamuna, ndipo ndinavomereza popanda mkangano. Maluso ena onse anandisainira limodzilimodzi, kupatula limodzi.

Limenelo linali kugoneka ana masana. Akadya, timayala mphasa pasimenti ndi kutseka makatani. Mwana aliyense amafunda chitenje kapena kabulangete kochokera kwawo. Mphunzitsi amakhala pansi pakati pawo, n'kumasisita ndi kupapasa pamsana amene tulo takana, mpaka mpweya wake utsike. Dzanja langa linazolowera kudinda chidindo pamafayelo. Ndikamgwira mwana, m'malo mogona ankatsegula maso n'kundiyang'ana ngati ndamulakwira. Si vuto latsopano. Ana athu ali makanda, ndikayesa kuwagoneka, mkazi wanga ankandichotsa dzanja n'kunena kuti, "Abambo inu, mwana si ng'oma." Anandiuzanso mawu omwewo zaka zambiri pambuyo pake, pa mdzukulu wathu woyamba.

M'kalasimo munali kamtsikana ka zaka zinayi, kakang'ono thupi, ka maso aakulu. Ana ambiri pasukulupo ndi a anthu a maofesi amene amawasiya pagalimoto m'mawa popita ku Lusaka. Aka kankakhala ndi amayi ake aang'ono, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba pa puloti ina pafupi, ndipo abwana awo ndiwo anakapezera malo. Sikankabwera ndi chofunda. Juni atalowa, simenti inkazizira mpaka kupyola mphasa. Anzake akagona, iko kankadzipinda ngati bongololo, mawondo pachibwano, maso ali gwa. Ndinauza amayi oyang'anira. Anatumiza uthenga kunyumba kawiri. Chofunda sichinabwere.

Apa ndiyenera kufotokoza mwambo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwawo kwa mkazi wanga, zovala za malemu zimakhala chitsekere mpaka achibale ake atabwera kudzazigawa ndi kudzasudzula wamasiye, ndiye kuti kumumasula kwa womwalirayo. Asanasudzulidwe, amati malemu akuyendabe naye, ndipo sayenera kunyamula makanda a eni kapena kuthira mchere m'chakudya cha ena. Mpingo wathu umaphunzitsa kuti zimenezi zinapita. Alamu anga, mlongo wake wa malemu, atabwera kudzakamba za tsiku, ndinawapempha kuti adikire kaye. Mwambowo ndinkaudziwa, sindikana.

Koma ndinkadziwanso kuti m'sutikesi ya chitsulo m'chipinda mwanga muli zitenje zopindidwa zimene sizikufunditsa munthu, ndipo kusukulu kuli mwana amene akunjenjemera. Ndinasankha chakale, chofewa, cha maluwa achikasu, chimene chinapsa pangodya ndipo mwini wake anachigamba ndi kansalu kobiriwira. Ndinachichapa ndi sopo, kuchiyanika padzuwa tsiku lonse, ndi kuchisita ndi simbi ya makala. Ngati pali lamulo la ukhondo limene ndinaphwanya, komiti indionetse.

Tsiku loyamba kukafunditsa, kanachikoka mpaka pamphuno, kanachinunkhiza, n'kuongola miyendo. Ndinaika dzanja pamsana pake. Kanagona. Amayi oyang'anira anaona ali pakhomo, nandinong'oneza kuti, "Mwayamba kudziwa, atate. Mukapitiriza chonchi nizasaina."

Zinayenda bwino kwa kanthawi. Kenaka masana ena, chipinda chonse chili zii, kukumveka mpweya wa ana wokha ndi njiwa padenga, ndinali kupapasa kamtsikanako ndipo maganizo anga anali kwina. Kanalankhula maso ali chitsinzinire.

"Ambuye, ati muchepetseko."

Ana onse ankanditcha ambuye, monga amatchulira agogo kuno. Ndinawerama.

"Akutero ndani, mwanawe?"

"Aja bali kumbuyo kwanu. Bakamba ati mwana si ng'oma."

Ndinatembenuka. Kumbuyo kwanga kunali khoma, chithunzi cha zilembo, ndi katani imene sinkagwedezeka. Ndikanayenera kusiyira pomwepo. Wophunzira ntchito safunsa mwana mafunso nthawi yogona. Zimenezo anatiphunzitsa sabata yoyamba. Koma ndinafunsa.

"Avala chiyani?"

"Dilesi chabe. Balibe chitenje." Kanayasamula. "Ati nachifunda ine."

Ndinapitiriza kupapasa, pang'onopang'ono, mpaka kanagona. Dzanja langa linachita ntchito yake bwino kuposa tsiku lina lililonse. Thupi lonse linali thukuta m'mwezi wa Juni.

Ndine munthu wa umboni, ndiye ndinayamba kufufuza. Madzulo ake ndinafunsa mtsikana wa girisi uja ngati anandimvapo ndikunena mawu amenewo. Anati, "Ba shikulu, imwe mukamba mwekha nthawi zonse. Na pochapa makapu mukangana na munthu." N'kutheka. Chimwalirire mkazi wanga ndimadzipeza ndikuyankha mafunso amene palibe wafunsa. Mwina ndinadzidzudzula mokweza ndi mawu ake, mwana n'kutola. Zimenezo ndinazilandira. Koma za mwini chitenje sindinauzepo munthu aliyense pasukulupo, ngakhale mongong'ung'udza. Ndaganizira mbali zonse, ndipo mbali imeneyi sindinaipezere malo.

Kamtsikanako sikanaope. Kwa iko zinali nkhani wamba, ndipo kanakafotokoza kunyumba monga mwana amafotokozera kuti lero tadya phala la nsinjiro. Lachisanu masana amayi ake aang'ono anafika nthawi yoweruka isanakwane, atavalabe epuloni ya kuntchito. Ndinali ndisanawaonepo pafupi. Nditawaona ndinazindikira nkhope: kwawo ndi mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo ankasonkhana ndi mkazi wanga kumapemphero a amayi.

Anapempha kuona chimene mwana amafunda. Atangoona chigamba chobiriwira chija anabwerera m'mbuyo, manja pamutu.

"Atate! Mwanichita chani? Ichi si cha amayi aja tinaika m'dzinja?"

"Ndi chawo. Ndinachichapa."

"Kuchapa! Sopo ichotsa munthu? Imwe simunasudzulidwe, mudzi wonse udziwa. Mwana wa m'bale wanga, wamasiye kale, mwamufunditsa maliro!"

"Mwanayu amazizidwa, amayi. Tinakutumizirani uthenga kawiri."

"Akanazizidwa chabe! Kuzizira kupha munthu?"

Sanachigwire ndi manja. Anatola kamtengo panja, nachikola, nachiponya m'jumbo ya pulasitiki. Kamtsikanako kanayamba kulira, kakukoka jumboyo, kakuti, "Nipaseni changa, nipaseni changa." Anakanyamula m'chiuno ngati thumba natuluka nako pageti. Kulira kwake ndinakumva mpaka anakhota pangodya ya mpanda. Sikanabwerenso pasukulupo. Kumene chitenje chinapita sindidziwa. Ena amati anachitentha, ena amati chili kwa mlaliki wina amene anachipempherera. Ndinafunsa m'dandaulo lachiwiri.

Lolemba amayi oyang'anira anandiitanira mu ofesi. Anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita.

"Atate, ine izi sinikhulupirira. Mwandimva? Ndine Mkhristu, ndipo ntchito yanu naiona. Koma makolo amvera pa foni, onse. Ena akuti azachotsa ana."

Ndinafunsa kuti makolo ake ati. Ndinkayembekezera kumva za anthu a kumudzi. Ayi. Anali amene amabwera pagalimoto atamanga mataye, anthu a madigiri, ena ogwira ntchito m'maofesi momwe ndinkagwira ine. Amene pa Sabata amaimba kuti imfa inagonjetsedwa. Bambo wina amene ankandipatsa moni wa dzanja m'mawa uliwonse anayamba kutsitsa mwana wake mbali ina ya galimoto kuti asadutse pafupi nane.

Poyamba anandisamutsira kudimba la sukulu, "kwa kanthawi". Ndinkathirira repu ndi anyezi. Nthawi yogona ikakwana ndinkaona makatani akutsekedwa m'katimo, ine ndili panja ndi keni, ndipo ndinkadziwa mwana aliyense malo ake pamphasa, amene amayamwa chala, amene amafuna nsapato zake pafupi ndi mutu. Sabata isanathe anandiuza kuti ndibakhala kunyumba mpaka za kumudzi zitatha.

Ndinati, "Chabwino amayi. Ndilembereni zimenezo, ndi chifukwa chake."

Anayang'ana pansi. "Zinthu zotere sitilemba, atate."

Apa ndi pamene mtima wanga umawira mpaka lero. Chinthu chikhale chachikulu mokwanira kuchotsa munthu pamaphunziro ake, koma chaching'ono moti sichingalembedwe? M'pangano limene tinasainirana muli za kuchedwa, za kuledzera, za kumenya mwana, za kusowetsa katundu wa sukulu. Ndaliwerenga mpaka mapindo ake ayamba kung'ambika. Mulibe mzere wonena za wamasiye. Sanandichotse, sanandisunge. Luso limodzi lokha ndilo latsala kusainidwa, ndipo ndi limene ndinalidziwa bwino kuposa onse.

Alamu anga anabwera nkhaniyi itawafika. Ndi munthu wabwino, woseka msanga, ndipo tinakhala pansi pa mtengo wa mango akusenda nzimbe.

"Alamu, mudzivutitsa chabe. Masiku ano si monga kale. Tibwera ife a banja, tikuthirani ufa pang'ono, tikamba mawu awiri atatu, tigawa zovala, kwatha. Na abusa anu sazamva. Mubwerera kusukulu kwanu mukaimbe na tiana."

"Mawu ake ndi otani?"

"Ah, timuuza chabe mlongo wanga kuti pita ukapume, uyu si wako tsopano, usamutsate."

Ndinawauza kuti mwezi wamawa. Mwezi utatha anabweranso, ndinati tidikire tikolole. Iwo anati, "Alamu, ndimwe ouma mutu monga mwala wopera," koma sanandikakamize.

Komiti ingaganize kuti ndimakana chifukwa cha mpingo, kapena chifukwa cha kunyada kwa kalaliki wakale. Zonsezo zilipo. Koma popeza ndalonjeza kulemba nkhani yonse, ndilemba ndi ichi. Masana alionse dzuwa likafika pamutu ndimapita m'chisakasa muja. Ndimakhala pansi, ndimapinda thumba lopanda kanthu, n'kumalipapasa kuti dzanja lisaiwale. Kunja kumakhala chete. Nkhuku zimabisala pansi pa nkhokwe, malata amangothetheka ndi kutentha. Ndimayamba mofulumira monga mwa chizolowezi changa. Ndiye pamafika nthawi imene dzanja limatsika lokha, limafewa, ine ndisanaliuze. Sinditembenuka. Sindinaonepo kanthu ndipo sindinena kuti pali kanthu. Koma sindinakonzeke kuima pabwalo n'kumva munthu akuuzidwa kuti apite, pamene mwina ndiye yekha watsala wondiphunzitsa ntchitoyi.

Zimenezo ndi za m'nyumba mwanga. Si za komiti, ndipo si za pangano.

Za komiti ndi izi. Ana aja ankaima pampanda anachepa. Ena amapita nawo kumunda, n'kumakhala padzuwa m'mphepete mwa mizere tsiku lonse. Ena amasiyidwa ndi akulu awo amene nawonso ndi ana. Awiri kapena atatu amabwerabe nthawi zina, osati kudzafunsanso, koma kungoima. Chiswe chayamba miyendo ya timabenchi. Ndaipaka oilo wakuda koma sichikumva. Ine ndikukalamba, mawondo amene ankalira chaka chatha tsopano amatupa. Popanda pepala lomaliza maphunziro sinditsegula chisakasa chija, ndipo pepala limenelo latsala ndi siginecha imodzi.

Za kamtsikana kaja ndinamva kuti anakatumiza kwa achibale ena kutali. Sindidziwa ngati kumeneko kali ndi chofunda. Ndikakwera minibasi ndi kuona mwana wa msinkhu wake atagona pamiyendo ya mayi, ndimayang'ana kumbali.

Chotero ndikupempha komiti ya sukulu, mwaulemu koma motsimikiza, kuti indiyankhe polemba temu ikubwerayi isanatsegulidwe. Indiuze ngati ndikadali wophunzira ntchito monga mwa pangano lathu, ndipo ngati ndili, inditchulire tsiku lobwerera m'chipinda cha ana kuti andiyese pa luso latsalalo, pamaso pa amayi oyang'anira ndi kholo lililonse lofuna kuonerera. Ngati sindilinso wophunzira, ilembe chifukwa chake m'mawu omveka, osazungulira. Ngati chifukwacho n'chakuti komiti ikukhulupirira kuti mkazi wanga amalowa nane m'kalasi, ilembe momwemo, wapampando asaine, ndipo adinde chidindo cha sukulu. Ndidzalandira pepalalo ndi manja awiri ndipo sindidzakuvutitsaninso.

Ndikupempha kuti nkhani imeneyi iyankhidwe.